MCIRIKIZO WA CITSULO

Inu amene muyenda m'miseu ya kuno ku Mayani mudziwa kuti pa dzinja madzi otsika m'mapiri akumba maenje ndi ngalande pakati pa mseu, ndipo pa cirimwe mseu womwewo usanduka nthiti zokhazokha. Ndifuna kukusimbirani cimene miseu imeneyi inacita ndi galimoto yanga, ndi cimene ndinaphunzira ine mphunzitsi kwa munthu amene kale ndinamuyesa wopanda nzeru.

M'caka ca 2019 ndinasonkhanitsa ndalama zimene ndinasunga zaka zambiri, pamodzi ndi za mbatata ya kacewere imene alima amai a kunyumba, ndipo ndinagula galimoto yaing'ono ya Toyota. Inayamba yatumikira eni ace ku Japan, nifika kuno podzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Pamudzi pathu palibe galimoto yina. Cifukwa cace pakadwala mwana usiku, kapena mai akafika pa nthawi yace, agogoda pa citseko canga kuti ndiwatengere ku cipatala ca ku Nkhoma.

Zitapita zaka zitatu, ndinayamba kumva kugunda kutsogolo pamene thayala ligwa m'dzenje, ndipo matayala anali kutha mbali imodzi. Usiku wina, ndiri ndi mwana wodwala malungo pamodzi ndi amace, galimoto inakana kumvera ciongolero pa mseu wokhota, niti itigwetsere m'ngalande. Tinafika bwino, koma ine sindinagona tulo.

M'mawa mwace ndinapita kwa mmisiri wowocherera zitsulo pafupi ndi msika. Ameneyu anali mwana wa sukulu wanga, amene masamu anamkanika, ndipo ndikumbuka ndi manyazi kuti tsiku lina ndinamuuza pamaso pa anzace kuti mutu wace ngwouma ngati mwala. Tsopano ndi bambo wa ana anai. Anandilandira ndi manja awiri, natsegula boneti, napukuta dothi ndi cala, nati, “Aphunzitsi, taonani apa.” Ndinaona mng'alu wopyapyala ngati tsitsi pa citsulo cotumphuka cimene ciri pamwamba pa thayala la kumanzere.

Ndinafunsa kuti, “Nanga amisiri, citsulo cing'aluka bwanji cosagundidwa?” Iye sanayankha ndi mau. Anatola katoni yopanda cibvundikiro, naifinya m'mbali, ndipo inapindika msanga. Atatero anapingasa kamtengo pakamwa pa katoniyo, nandipatsa kuti ndifinye ndekha, koma sinapindika. Pamenepo anati, “Malo a injini ali ngati katoni iyi. Pansi ndi pomangika, kumbuyo ndi komangika, koma pamwamba ndi pululu.”

Pambuyo pace ndinawerenga za cinthu cimeneci, ndipo ndinapeza kuti mmisiri ananena zoona. Malole ali ndi mitanda iwiri yaikuru ya citsulo imene isenza thupi lonse, ndiyo imene aicha chassis. Koma magalimoto ang'ono ambiri a masiku ano alibe mitanda yotere. Thupi lomwelo, la malata opindidwa ndi kuwocherera pamodzi, ndilo mafupa ace. Thayala liri lonse la kutsogolo liimirira pa mwendo umodzi wokhala ndi sipuling'i, ndipo mutu wa mwendowo umangidwa ndi mabauti ku citsulo cotumphuka cija. Mapangidwe awa achedwa ndi dzina la Earle MacPherson, mmisiri wa ku America, ndipo anayamba kudziwika ndi galimoto ya Ford Consul imene inaturuka ku England m'caka ca 1950. Ali ocepa mtengo, koma nkhonya iri yonse ya mseu ikwera ndi mwendo nifika pa mutu pomwepo. Tsono mitu iwiriyo igwedezeka, wina uku wina uku, monga makoma a nyumba imene denga lace liribe mtanda wolumikiza. Ndipo citsulo copindidwa kawirikawiri citopa, monga waya amene mumthyola pompinda uku ndi uku.

Mankhwala ace ndiwo mcirikizo wolumikiza mitu iwiriyo, umene Angerezi aucha strut brace. Wa m'sitolo sunapezeka kuno, motero mmisiri anati ausula yekha.

Poyamba anacotsa waya wa batire, kuti moto wowocherera ungaononge za magetsi, nawocherera mng'alu uja, naikapo cigamba. Anati, “Mcirikizo sucita kanthu pa khoma logumuka; tiyambe tapoletsa bala.” Atatha apo anaimika galimoto pa simenti yosalala, matayala onse anai ali pansi, pakuti ukayesa galimoto iri pa jeke, muyeso unama. Anapanikiza pepala lolimba pa mabauti atatu a mutu uli wonse kuti asiye zipsera, nalemba zipserazo pa citsulo caphanthi cocindikala mamilimita 5, nadula mphete ziwiri, naboola. Kenaka anatenga paipi ya ngondya zinai, yotalika monga mita imodzi.

Apa ndipo ndinafuna kuonetsa nzeru zanga. Ndinati, “Bwanji osaika njanji yocindikala, kuti ilimbe koposa?” Iye anaseka mwaulemu, nati, “Pepani aphunzitsi, kulemera si kulimba. Paipi yoongoka iposa citsulo colemera cokhota, pakuti pokhota ndi pamene pagonja.” Anafunanso kudziwa ngati boneti idzatsekeka osakhudza. Anaumba timibulu ta dongo pamwamba pa paipi, natseka boneti, natsegulanso. Ndipo kuphwanyika kwa dongolo kunamuuza mpata wotsala. Pakati pa paipi ndi injini anasiya mpata wa zala ziwiri, cifukwa injini igwedezeka pa nchito yace.

Analumikiza zitsulozo ndi timadontho ta moto ziri pa galimoto, nazicotsa kuti atsirizire pansi; ndipo anawocherera pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali iyo, kuti kutentha kungapotoze paipi. Ine mtima unali kufulumira, koma akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Dzuwa liri kupendeka anaupaka utoto, ndipo utauma, mcirikizo unalowa m'mabauti asanu ndi limodzi wosafuna nyundo.

Kuyambira tsiku lija kugunda kunaleka, ndipo galimoto imvera dzanja langa pokhota. Koma ndikucenjezani, abale, monga iye anandicenjeza ine. Mcirikizo sutsitsimutsa sipuling'i yakufa, ndipo supatsa munthu ufulu wakukweza matumba khumi a mbatata m'galimoto ya anthu asanu. Ndiponso mukagunda cinthu ndi mbali imodzi, citsulo cimeneci cingathe kutengera cionongeko ku mbali inzace. Amene athamanga podalira mcirikizo adzafika ku Nkhoma atanyamulidwa ndi ena.

Polipira ndinamuuza kuti, “Mwana wanga, mau aja ndinakunenera m'kalasi anali olakwa.” Iye anawerama, nati, “Zinapita aphunzitsi. Koma kuwerenga tepi munandiphunzitsa ndinu.” Tsono inu aphunzitsi anzanga ndi makolo, mwana akalephera masamu a pa bolodi, musafulumire kumweruza. Mpatseni cingwe coyesera, katoni ndi dongo, ndipo muone cimene manja ace adziwa. Ine tsiku liri lonse pamene nditsegula boneti kuti ndione mafuta, ndipeza citsulo cakuda cija citapingasa pamenepo, ndipo ndiyesa mabauti ace ndi sipanala ndisanayambe ulendo.