Ku Chiuta, Kumene Kunadutsa Nkhondo ya Chiwaya

Nyanja ya Chiuta ili m'malire a dziko la Malawi ndi la Mozambique. Kumadzulo kwake kuli boma la Machinga, ndipo kum'mawa kuli boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa. Ife tinalowera pa Nayuchi, pomwe njanji yochokera ku Nkaya imadutsa malire kupita ku Nacala, nkufika pa Entre Lagos, dzina la Chipwitikizi lotanthauza pakati pa nyanja, pakuti Chilwa ili kummwera ndipo Chiuta ili kumpoto. Dzikolo ndi lachidikha, la madambo, mabango ndi mabwato a asodzi. Anthu ake amalankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe monga abale awo a ku Machinga.

Madzi a Chiuta amatsikira m'nyanja ya Amaramba, komwe kumayambira mtsinje wa Lugenda. Mtsinjewu ukathira mu Rovuma pa Ngomano. Pamenepo mpamene gulu la nkhondo la Ajeremani, lotsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, linaoloka pa 25 Novembala 1917 nkugonjetsa Apwitikizi. Kuyambira tsikulo Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya chifukwa cha mfuti zolira mosalekeza, inafalikira m'dziko lino la Ayao, Alomwe ndi Amakua. Mwa amene anatumidwa kukawathamangitsa munali asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles, amene kwathu timati a Keyala.

Chakum'mawa kwa Mecanhelas, m'boma la Gurué, kuli malo otchedwa Lioma. Pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918 Ajeremani anaukira msasa wa Keyala kumeneko, koma asilikali a ku Nyasaland anaima nji mpaka adaniwo anabwerera atataya anthu ndi katundu. Pambuyo pake ena mwa iwo analandira mendulo ya kulimba mtima yotchedwa Distinguished Conduct Medal. Ajeremaniwo anapitirira ulendo mpaka anakatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918.

Abale, mendulo ndi kanthu kakang'ono kokwana pachikhatho, koma kamaonetsa momwe boma limayezera anthu ake. Mendulo yapamwamba koposa ya Angerezi inali Victoria Cross. Alexander Cobbe anailandira chifukwa cha zimene anachita pa Erego ku Somaliland mu 1902, akutsogolera asilikali ochokera kwathu kuno: anagwira yekha chiwaya pamene zinthu zinathina, ndipo anakanyamula munthu wovulala zipolopolo zili kugwa. Dzina lake lili pa Cobbe Barracks ku Zomba. Koma m'mbiri yonse ya Keyala palibe msilikali wakuda ngakhale mmodzi amene anapatsidwa Victoria Cross. Kwa iwo kunali mendulo yawoyawo yotsikirapo.

Pansi pa asilikaliwo panali ena amene sankawerengedwa nkomwe. Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Awa ndiwo anasenza ufa, zipolopolo ndi odwala pamutu ndi paphewa, m'matope ndi m'thengo, ambiri atachita kugwidwa mokakamiza. Ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi chimfine choopsa cha mu 1918. Nawo anthu a m'midzi ya mbali ino analandidwa chakudya ndi magulu onse awiri. Mbusa John Chilembwe anali atadandaula kale mu 1914, m'kalata yopita ku Nyasaland Times, kuti osauka ndiwo adzafera nkhondo ya eni, nkusiya amasiye. Tikamayenda m'madambo a Chiuta tiyenera kukumbukira kuti nkhondoyo inayenda pamapazi a anthu oterewa.

Zida zinalirakonso kuno pa nkhondo ya pachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Asilikali a Malawi analondera njanji ya Nacala, ena nataya miyoyo, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Amayi amene anaoloka madambo usiku ana ali kumbuyo, ndi mabanja amene anagawana nawo nsima yochepa, sanavekedwe kanthu pachifuwa.

M'masiku athu ano ulemu wafika pakhomo pa msilikali wamba. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni ku Congo, Private Chancy Chitete wa gulu la nkhondo la Malawi anakokera pamalo abwino mnzake wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, amene anavulala. Iye mwini anaomberedwa akumuthandiza, namwalira, koma Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa mkazi wake mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Chimene anachita Chitete nchofanana ndi cha Cobbe, ndipo panapita zaka 116 pakati pa awiriwa.

Tsono tikamva za mamendulo tiwalemekeze eni ake, pakuti anawayenera. Koma m'mabanja mwathu muli maina a agogo amene anapita ku tengatenga osabwerako. Tifunse akuluakulu akadali moyo, tiwalembe maina amenewa, tiwaphunzitse ana athu.