Chikwapu pa Ng'ombe Yokalamba

Mlimi aliyense kuno ku Kasungu amadziwa kuti feteleza akachuluka paphando, fodya amapsa. Nzeru yomweyi ndiyo yandigwira dzanja pa mlandu wa laputopu yanga.

Makinawa ndi a 2013, ndipo ndinawagula ogwiritsidwa kale ntchito. Ndiwo khasu langa: ndakatulo ndi nkhani zonse zimene zimandidyetsa zimatuluka m'menemo. Koma masiku ano ukawayatsa, umatha kuwiritsa tiyi asanadzuke.

Mphwanga, yemwe zamakompyuta amazitsata, anandiuza kuti, "Achimwene, musavutike. Ingochitani overclock basi."

Nkhani yake ili motere. Purosesa, womwe ndi mtima wa kompyuta, uli ndi kagundidwe kake. Wa 2.5 GHz amagunda ka 2.5 biliyoni pa sekondi. Overclock ndiye kuukakamiza kuti uzigunda mopitirira pamene anaupimira. Ukatero umadya magetsi ambiri, kutentha nakonso kumakwera. Tsono laputopu ili ndi kafani kamodzi kokha, ndipo fumbi la mu Okutobala kuno silichita kuitanidwa. Kutentha kukayandikira madigiri 100, purosesa amadzibweza yekha liwiro kuti asapse. Mwamenya ng'ombe yokalamba kuti ngolo ithamange, iyo n'kugona pamsewu. Komanso a Intel anatseka khomo limeneli pa mapurosesa ambiri a m'malaputopu. Otsekula ndi a chilembo K, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a makompyuta apatebulo.

Nanga kugula yatsopano? Apa mpamene pagona nkhani. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Laputopu imabwera ndi madola. Mlimi wogulitsa fodya ku Chinkhoma naye mtengo wake amauwerengera m'madola, koma ndakatulo amalipira m'makwacha, akalipira n'komwe. Kandalama kamene ndinasunga n'komweko kamene fizi ya mwana wanga ikudikira. Chikhalirecho a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makina a msinkhu uwu.

Ndasankha njira yachitatu. Chimene chimachedwetsa makina akale nthawi zambiri si purosesa ayi, koma hard disk, kambale kozungulira ka 5,400 pa mphindi, ndi kuchepa kwa RAM. Ndiye ndiwapereka kwa mmisiri wa m'tauni muno awapukute fumbi, apake phala latsopano loziziritsa pa purosesa, aike SSD, akweze RAM kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB, kenaka alowetse Linux Mint, yomwe ndi yaulere.

Sindikunama, yatsopano ndimaisirira ndikamadutsa pamashopu a ku Lilongwe. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mwana apite kusukulu kaye, abale anga. Mlakatuli safuna liwiro la galimoto yampikisano. Mzere umodzi wabwino umanditengera sabata yathunthu.