Galimoto Yochokera ku Dziko la Chisanu

Munthu wobadwira m'chigwa cha Karonga sangavomere msanga kuti madzi angathe kugwira galimoto mpaka kulephera kusuntha. Kumeneko dzuwa limaswa mtengo, ndipo ngakhale m'mwezi wa June anthu amagona atafunda kansalu kopepuka. Komabe magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene amatsitsidwa pa doko la Dar es Salaam, amalowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe, m'boma lomweli, ndipo ena mwa iwo amabwera ndi nthenda ya kuchisanu itabisala kunsi kwa mimba.

Ku Kaporo kuli mkulu wina amene wameretsa imvi pa ntchito yokatengera anthu magalimoto ku doko kuja. Anzake amamuseka, chifukwa akampatsa makiyi sayamba wayang'ana utoto kapena wailesi. Amayala katoni pansi, nagona chagada, nkumapapasa nthambo ya handibuleki. Chizolowezi chimenechi chidayamba chaka china pamene adatengana ndi mwana wa mlongo wake kuti akamphunzitse msewu.

Pobwerera adagona ku Tukuyu, pa mapiri a ku Tanzania pamene nkhungu ndi mvula yowaza sizisowa. Madzulo onse anali atayenda m'zithaphwi. Mnyamata uja, potsata zimene adaphunzira ku sukulu yoyendetsa galimoto, adakoka handibuleki mpaka kumapeto. Kutacha, chogwirira chidatsika bwinobwino, koma gudumu limodzi lakumbuyo lidakana kumasuka. Atalikakamiza, galimoto idayenda ngati mbuzi yomangidwa mwendo, ndipo asanapite patali fungo la chinthu chopserera lidadzaza m'kati monse.

"Atsibweni, kodi mabulekiwa aundana ndi kuzizira?" adafunsa mnyamata.

"Iai, mwanawe. Kuzizira kwa kuno sikungaumitse madzi. Kuzizira kumene kwagwira galimotoyi kudatsala ku Japan."

Mkuluyo sankanena mwambi. Handibuleki ya magalimoto ambiri ndi nthambo yachitsulo yoyenda m'kachubu, kuchokera pa chogwirira kukafika ku magudumu akumbuyo. Labala wotseka kukamwa kwa kachubuko akang'ambika, madzi amalowa. Kumadera ngati Hokkaido, kumene chipale chimakuta misewu kwa miyezi ingapo, madziwo amaundana usiku ndi kugwira nthambo zolimba. Nchifukwa chake oyendetsa a kumeneko amalangizidwa kuti usiku wa chisanu aziimika galimoto pamalo athyathyathya, kuisiya m'giya, osakoka handibuleki. Madzi oundana amasungunuka kukafunda. Choipa kwenikweni ndi mchere umene amawaza m'misewu kuti chipale chisungunuke, pakuti umabala dzimbiri, ndipo dzimbiri limakwera nawo sitima. Nthambo ya galimoto ija inali itadyeka kale. Chinyezi cha ku Tukuyu chidangomaliza ntchito.

Mnyamata adati angopitiriza pang'onopang'ono, popeza malire anali pafupi ndipo mwini galimoto ankaimba foni kuchokera ku Lilongwe ola lililonse. Atsibweni ake adakana. Kuchokera ku Tukuyu kukafika ku Kasumulu, tsidya lina la Songwe, msewu umangotsetsereka, ndipo buleki yogwira imatentha ngati mbaula. Apa mpamene madzi amaonetsa nkhope yawo yachiwiri. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Amtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike pa madigiri 205, koma akamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 140 okha. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi. Tsono nthunzi imafinyika pamene mafuta safinyika, choncho phazi limangomira mpaka pansi galimoto ikuthamangabe. Wodziwa zimenezi sasewera ndi mtsetse.

Adakweza galimoto pa jeke m'mbali mwa msewu, namasula nthambo, nakafuna ina kwa amakaniko. Tsiku lathunthu lidatha. Mwini galimoto adakana kubweza ndalama za nthamboyo, ati iye adagula galimoto yabwino pa chithunzi. Mkuluyo adalipira za m'thumba mwake, ndipo mwini uja sadamtumenso. Ambiri amene amamva nkhaniyi amati adaluza. Koma iwo sadaonepo chimene chimatsala galimoto ikatha mabuleki pa zikhotakhota za Chiweta, kapena potsika msewu wa ku Chitipa kupyola Kayelekera kulunjika kunyanja.

Chisanu chenicheni mkuluyu amachiopa pamalo amodzi okha, pamwamba pa Nyika, kumene udzu wa ku Chelinda umadzuka utayera mbuu m'miyezi ya June ndi July. Kumudzi kwawo mdani ndi dzinja. Mitsinje ya Songwe, Lufilya ndi North Rukuru ikasefukira, galimoto imawoloka matope ofika m'magudumu, ndipo ikagona chikokere handibuleki, nsapato za buleki zimamatirira ku dalamu ndi dzimbiri la usiku umodzi. Iye akatuluka m'madzi amaponda buleki mopepuka kangapo akuyenda, kuti iume. Masiku owuma amakoka handibuleki paliponse pamene waima, ngakhale galimoto ikhale yosintha yokha magiya, chifukwa nthambo yosagwira ntchito ndiyo imayamba kuuma. Mafuta a mabuleki amasintha zaka ziwiri zilizonse, ndipo galimoto yongofika kumene amaisintha ku Karonga komweko mwini wake akalola.

Mnyamata uja tsopano amayendetsa minibasi pakati pa Karonga ndi Chitipa. Asanayambe kutsika amabweza giya, injini nkumalira, apaulendo nkumadandaula kuti akuchedwa ku msika. Pansi pa mpando wake pamakhala kachipika kamtengo kotchingira gudumu, kamene atsibweni ake adamsemera.