Chidole Chopanda Mawu ku Astoria

Mukatsika sitima yoyenda pansi pa nthaka pa Steinway Street, m'dera la Astoria mumzinda wa New York, n'kuyenda pang'ono, mufika pa Museum of the Moving Image. Nyumba yosungiramo zinthu zakale za mafilimu imeneyi inatsegulidwa mu 1988 pamalo pomwe kampani ya Paramount inkajambulira mafilimu m'zaka za m'ma 1920. Makamera akale, mawigi ndi zovala za akatswiri zadzaza m'zipinda zam'mwamba, koma zonsezo ndinangoziponyera diso n'kudutsa. Ndinkafuna chidole cha Regan.

Regan ndi mtsikana wogwidwa ndi chiwanda mufilimu ya The Exorcist ya mu 1973, ndipo chidolechi ndi chomwe chinazunguza mutu mpaka nkhope kuyang'ana kumsana. Ndinachiyandikira. Nkhope yake ndi ya zipsera, maso ali tong'o, koma mtima wanga sunagunde n'komwe. Chili phee, ngati zidole zovekedwa malaya m'sitolo. Chomwe chinkathawitsa anthu m'nyumba zoonetsera mafilimu pano palibe, chifukwa chinali cholowera m'khutu.

Kulira kwa khosi lija pozungulira anakupanga ndi Gonzalo Gavira, katswiri wa ku Mexico, popotokola kachikwama kachikopa kosungira ndalama pafupi ndi maikolofoni. Kachikwama basi! Mawu a chiwanda anali a mayi Mercedes McCambridge, amene ankameza mazira aawisi, kusuta fodya ndi kumwa mowa kuti mawu asase. Pansi pa zonsezo analowetsamo kulira kwa njuchi zolusa ndi kwa nkhumba zopita kokaphedwa. Woonera sazindikira kuti akumva njuchi, koma thupi lake limadziwa, tsitsi n'kuyamba kuima. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar pa kakonzedwe ka mawu, ndipo ine ndikuti inayenera.

Kutsogolo pang'ono kuli malo omwe mlendo amayesa yekha ntchitoyi. Umavala mahedifoni, kachigawo ka filimu n'kumaoneka, iwe n'kumasankha phokoso kapena nyimbo yoti ilowepo. Apa m'pomwe ndinakhalitsa. Chithunzi n'chomwecho, munthu yemweyo, kayendedwe komweko, koma ukasintha nyimbo nkhani yonse yatembenuka: amene umamuona ngati akungodziyendera tsopano akuoneka ngati wina akumulondola. Luso lopanga phokoso la mapazi, zitseko ndi nsalu motsatira chithunzi amalitcha Foley, potengera dzina la Jack Foley wa ku Universal.

Wokonza mafilimu Alfred Hitchcock poyamba ankafuna kuti chigawo cha kubafa mu Psycho, ya mu 1960, chisakhale ndi nyimbo. Bernard Herrmann anapekabe nyimbo yakeyake ya zoimbira za zingwe zokhazokha, mavayolini akulira mobaya m'makutu, ndipo Hitchcock atamva anagonja. Phokoso la mpeni polowa m'thupi linali la mpeni wobaya vwende. Mu Jaws ya mu 1975, John Williams anaopseza anthu ndi manotsi awiri okha obwerezabwereza, shaki isanaoneke n'komwe.

Komabe chida chimene ndimachiopa kwambiri ndi kukhala chete. Akachotsa nyimbo, khutu limayamba kusakasaka, ndipo thabwa likangoti kwee, munthu wadumpha. A Quiet Place ya mu 2018 inadalira zimenezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma mafilimu ongoti phokoso phuu mphindi iliyonse kuti udzidzimuke, amenewo ndi ulesi. Kudzidzimutsa munthu ngakhale mwana amatha.

Potuluka mumadutsa pakashopu kogulitsa mabuku ndi timphatso, kenako muli pa 35th Avenue. Inu amene mumaonera mafilimu oopsa pafoni, dziwani kuti kasipika kake sikatulutsa mawu akuya ogunda pachifuwa aja, ndiye theka la ntchito ya akatswiriwa limakudutsani. Valani mahedifoni.