KU KABULA, MZINDA WA MALILIME AMBIRI

Munthu wochokera ku Chigawo cha Pakati akawoloka Shire pa mlatho wa Zalewa, napitirira Lunzu, amayamba kuona mapiri atatu amene azinga mzinda wa Blantyre: Michiru, Ndirande ndi Soche. Akuluakulu amautchabe mzindawu Kabula. Kumeneko ndiko tinapita kukaona mwana wathu wamkazi, amene wangoyamba kumene kuzolowera ntchito yothandiza anthu ovutika kulankhula. Iye akuphunzira pansi pa katswiri wina pa chipatala cha Queen Elizabeth, chija chinatsegulidwa mu 1958, chimene eni mudzi amangoti ku Gulupu.

Basi inatitsitsa pa Wenela, dzina lotsalira la bungwe lija linkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni. Mwanayo anatitsogolera wapansi ngati munthu wobadwira komweko. Tinaona tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott ndi amisiri a kuno anachimanga kuyambira 1888 kufikira 1891, pa malo amene amishoni a ku Scotland anakhazikika mu 1876. Tinaonanso nyumba ya Mandala ya mu 1882. Koma kumene anatikhalitsa nthawi yaitali ndi ku msika wa Limbe, tauni ya njanji imene inalumikizidwa ndi Blantyre mu 1956.

Tinadabwa. Kodi msika uli ndi chiyani choposa nyumba zakalezo? Iye anati, “Bambo, tcherani khutu.” Ndipo tinamvadi Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chimang’anja zikusinthana pakati pa madengu a tomato ndi usipa. Ngakhale Chichewa chenichenicho chinamveka mwina: kachewere wathu wa ku Dedza ambiri kumeneko amati mbatatesi. Tsono mwanayo amayenda ndi kope, namalembamo mawu otere. Zithunzi zambiri zoyesera odwala zinapangidwira ana a ku Ulaya, ndipo mwana wa ku Ndirande sangatchule chinthu chimene sanachionepo. Motero iye amajambula yekha mtondo, khasu, ndowa ndi minibasi. Akafunsa wodwala dzina la chinthu, ayenera kudziwa ngati yankho lalakwika chifukwa cha matenda, kapena ndi mawu a kwawo kwa munthuyo.

Odwala ake ndi a mitundumitundu. Alipo akuluakulu amene sitiroko inawalanda mawu. Kwa anthu ambiri, mbali ya kumanzere ya ubongo ndiyo imasunga chilankhulo, niyendetsanso ziwalo za kumanja. N’chifukwa chake wofa dzanja lamanja kawirikawiri amasowanso mawu, ngakhale nzeru zake zilipo. Ena amatsamwa akamameza, ndipo amaphunzitsidwa kukhala tsonga ndi kudya phala lolimbirako. Alipo ana amene malungo okwera ku ubongo anawasiya osamva bwino, ana obadwa ndi mlomo wong’ambika, ndi achibwibwi. Chibwibwi chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5, ndipo chimakakamira anyamata koposa atsikana.

Ntchitoyi siiyenda mothamanga. Bambo wina amatha sabata yathunthu akulimbana ndi dzina la mkazi wake. Wothandiza ayenera kudikira, osamlanda mawu m’kamwa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n’kudekha. Mwana wathu akuti mzindawu ndiwo wampatsa phunziro loyamba. Masiku oyambirira sankamva zimene makondakitala amafuula, ndipo ankachita manyazi kufunsa kawiri. Pamenepo analawa pang’ono chimene odwala ake amakhala nacho tsiku ndi tsiku: kukhala ndi chonena mumtima pamene anthu alibe nthawi yomudikira.

Ife amene tagwira choko zaka zambiri timawadziwa ana otere. Amakhala kumbuyo kwa kalasi, sakweza dzanja, ndipo anzawo amawaseka kufikira ataleka sukulu. Makolo okondedwa, mwana akafika zaka 2 asanayambe kulumikiza mawu awiri, kapena khutu lake likamatuluka mafinya, musangoti adzasintha akakula. Pitani naye kuchipatala akamuyese makutu, pakuti mwana wosamva bwino sangalankhule bwino. Wachibwibwi musamkalipire kapena kumumalizira mawu. Muyang’aneni kumaso, mulankhule naye modekha.

Ndipo inu achinyamata amene mukusankha ntchito, dziwani kuti odziwa luso limeneli ndi ochepa zedi m’dziko muno, pamene osowa thandizo lawo ali m’mudzi uliwonse. Tsiku limene mudzatsike pa Wenela kapena mumzinda wina wachilendo, musafulumire kuonetsa zimene mudziwa. Yambani mwamvetsera momwe anthu ake amalankhulira.