Duwa la Apongozi

Ku Chimwemwe, m'mzinda wa Kitwe, kuli mai wina wodziwika ndi nchito yophika makeke. Luso limeneli analandira kwa amai ace, amene pa utsikana wao anaphunzira ku Mindolo, malo amene anatsegulidwa m'caka ca 1958 naphunzitsa akazi ambiri a ku migodi kusoka, kuphika ndi kulera ana. Caka cina, mvula ya December itakhazikika, mlongo wa mwamuna wace anati akwatiwe ku Chifubu, ku Ndola, ndipo abale anapempha maiyo kuti aphike keke yosanja katatu. Mkwatibwi anafuna kuti pa keke yace pakhale maluwa enieni, osati a pepala kapena a shuga.

Kutatsala masiku awiri, apongozi ace a maiyo anafika kucokera kumunda atafukata maluwa amene anathyola m'thengo, ofiira kunsonga ndi acikasu kutsinde, opiringizika ngati malawi a moto. Anayenda nao mtunda wautali, nawachinjiriza ku dzuwa ndi citenje cao. Atawaika pagome anati, "Mwana wanga, awa ndiwo ukaike pamwamba pa keke ya mlamu wako." Maiyo mtima unangoti myuu, pakuti anawadziwa maluwawo, ndipo anadziwanso kuti kukana mphatso ya apongozi ndi mlandu umene suiwalika msanga pabanja.

Duwa limenelo Azungu amalicha flame lily. Ndilo duwa la dziko la Zimbabwe, ndipo n'lokongola kotero kuti m'caka ca 1947 ana a sukulu a ku Southern Rhodesia anapatsa Elizabeth, mwana wa Mfumu ya ku England, cokometsera ca diamondi cosulidwa m'cifanizo cace. Komatu cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. M'duwa, m'masamba, m'mbeu ndi m'mizu yace yonga mbatata muli ululu wochedwa colchicine. Madokotala amapereka mankhwala amenewa pang'ono pokha kwa odwala nthenda ina yotupitsa mfundo, koma akacuruka m'thupi munthu amapsa m'kamwa, amasanza, amatsegula m'mimba kolimba, ndipo angathe kufa patapita masiku owerengeka.

Sikuti duwa loopsa ndi lokhali. M'mipanda ya nyumba zambiri za ku Kitwe ndi Ndola muli citsamba ca masamba aatali osongoka, ca maluwa oyera kapena ofiirira, cochedwa oleander, cimene cinacokera kutsidya kwa nyanja. Mtengo wonsewo uli ndi ululu wosokoneza kugunda kwa mtima, ndipo ululuwo sutha ngakhale duwa liume. Cimodzimodzinso mnzace wa maluwa acikasu onga kabelu. Frangipani, wonunkhira bwino madzulo, amakha madzi oyera ngati mkaka amene amayabwa pakhungu ndi m'kamwa. Lantana, amene wadzala m'machire a m'mbali mwa miseu, amadwalitsa ng'ombe, ndipo zipatso zace zaziwisi zimabvulaza ana.

Tsono maiyo anagwada pafupi ndi apongozi ace nati, "Amai, zikomo kwambiri. Koma ndifunseko. Inu amene mumadziwa bowa kuposa tonsefe, kodi mungaphikire adzukulu anu bowa amene simumdziwa dzina, cifukwa cakuti waoneka bwino?" Apongozi anaseka nati, "Iai, amenewo ndi misala. Nanga duwali ndani ati alidye? Ifenso kwathu ku Katete tinali kudziwa kuti silidyedwa. N'longoonera." Maiyo anayankha mofatsa, "Pa nsima simunaliikepo, Amai, ndipo keke ndi nsima ya tsiku limenelo. Phesi likalowa m'keke madzi ace atsala momwemo, ndipo mwana amene adzalandira cidutswa cimeneco sadzafunsa munthu."

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Anthu amene sagula bowa wa tente pamseu wa ku Ndola asanamtembenuze ndi kumyang'anitsitsa, amene amabviika cinangwa cowawa masiku angapo cisanasinjidwe, omwewo amaika duwa lacilendo pa cakudya osaganiza kawiri, cifukwa amayesa kuti cokometsera si cakudya. Koma ciri conse cogona pa cakudya ciyenera kuweruzidwa monga cakudya. Ndipo kutsuka sikucotsa ululu umene uli m'kati mwa comera.

Mwina wina adzati, "Ngati n'tero, ndikagule maluwa a rozi kusitolo, pakuti rozi alibe ululu." N'zoona kuti rozi amadyedwa, koma wogulitsidwa kuti aikidwe m'botolo amalimidwira maso. M'zaka za m'ma 1990 minda yaikuru ya pafupi ndi Lusaka inali kutumiza rozi wambiri ku Ulaya pa ndege, ndipo duwa la malonda otere limapoperedwa mankhwala ophera tizirombo kuti lifike lopanda banga. Wogulitsa pamsika wa Chisokone kapena wa Masala kawirikawiri sangathe kunena cimene cinathiridwa kumunda. Duwa loyenera pa keke ndi limene wophika alidziwa dzina, adziwa kuti limadyedwa, ndiponso adziwa dzanja limene linalilima.

Maluwa otere sasowa. Alipo rozi wa pakhomo wosapoperedwa, nasturtium wowawa pang'ono ngati tsabola, ndi maluwa oyera a mandimu ndi malalanje pa nyengo yace. Ngakhale ciluwe ca maungu, cimene makolo akhala akudya ngati ndiwo kuyambira kale, ciposa duwa lokongola losadziwika. Athyoledwe m'mawa, kutali ndi pfumbi ndi utsi wa magalimoto, atsukidwe m'madzi oyera ozizira, aumitsidwe pansaru, mapesi adulidwe ndi kukulungidwa kuti asakhudze keke, ndipo aikidwe nthawi yodyera itayandikira, cifukwa safuna kutentha. Ngati mwana wadya duwa lokaikitsa, asadikire kuti ayambe kusanza. Athamange naye ku cipatala, monga ca ana ca Arthur Davison ku Ndola, atatenga duwalo kuti adokotala alione.

Apongozi anakhala cete kanthawi, kenaka anati, "Wanena zoona, mwana wanga. Safunsa anadya phula. Koma maluwa anga usawataye." Ndipo sanatayidwe. Pa tsiku la ukwati anaikidwa m'mtsuko pamwamba, patsogolo pa chalichi, pamene manja a ana sakanafika, ndipo onse olowa anawayamikira. Pa keke panali rozi khumi ndi awiri a kuseri kwa nyumba ya ku Chimwemwe, amene anathyoledwa m'mamawa ndi kuyenda pa basi makilomita 60 ali m'mbale yobvundikira ndi nsaru yonyowa.

Pamene keke inali kugawidwa, kamnyamata ka zaka zinai kanatambasula dzanja, kanatola duwa limodzi ndi kuliponya m'kamwa anthu asanakaletse. Mai wace anakuwa ndi mantha. Koma apongozi, amene anakhala pafupi, anamgwira pamkono nati, "Mlekeni atafune. Ameneyo ndi rozi wa pakhomo pathu, tikumdziwa."