ANYANJA AMENE SANAIONE NYANJA

Cinenero cimene ana athu aphunzira kusukulu cichedwa Cinyanja, ndiko kunena kuti cilankhulo ca anthu a kunyanja. Koma mutafunsa ana a ku Mkaika, a ku Sinda kapena a ku Vubwi kuti ndani mwa iwo anaiona nyanjayo ndi maso ake, manja okwezedwa adzakhala owerengeka. Madzi amene iwo adziwa ndi a m'zitsime, a m'madamu ndi a timitsinje tathu timene tisefukira mu Januwale ndi kusanduka mcenga pofika Okutobala. Ambiri a ife akulu-akulu tiyesa kuti kukapuma kunyanja ndi nkhani ya azungu ndi anthu a ndalama. Owerenga okondedwa, maganizo amenewa ndiwo tifuna kuwagwedeza, pakuti ife, mabanja atatu a kuno kwathu, tinauyenda ulendowu pa chuthi ca Ogasiti, tili ndi mbaula ndi mapoto athu, ndipo palibe amene anagulitsa ng'ombe kuti aukwanitse.

Kufupi kuposa Lusaka

Coyamba cimene cidabwitsa munthu ndi kufupika kwa njira. Kucokera ku Katete kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 90. Kucoka apo ndi makilomita oposa pang'ono 20 kufika pa malire a Mwami. Mukaoloka, mudutsa pa Mchinji ndi kuyenda makilomita ngati 120 kufika ku Lilongwe, enanso ngati 100 kufika ku Salima, ndipo otsala 20 akufikitsani ku Senga Bay kumene mseu uthera m'madzi. Zonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 350, pamene ulendo wa ku Lusaka, umene ambiri tauyendapo kangapo, uyandikira 500. Tinanyamuka tambala woyamba atalira ndipo dzuwa lisanalowe ana anali atabviika kale mapazi m'nyanja.

Pa malire munthu aliyense, ngakhale khanda, ayenera kukhala ndi mapepala ake a ulendo. Ndalama za ku Malawi nazonso zichedwa kwaca, koma mphamvu yake ndi yosiyana ndi yathu. Motero ndi canzeru kusinthira ku banki kapena ku maofesi obvomerezeka. Tsidya linalo simudzafuna womasulira. Moni ndi yemweyo, maina a mitundu ndi omwewo: a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe. Mukapitirira Lilongwe, mseu uyamba kutsetsereka pakati pa mapiri a Dowa. Mphepo yozizira ya kumtunda itsalira m'mbuyo, milambe iyamba kuoneka, ndipo thukuta likuuzani kuti mwatsikira kucigwa.

Nyanjayi ndi yacitatu kukula mu Africa. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo kumpoto kuli malo akuya mamita 700. Ana athu ataima pa mcenga anakhala cete kwa nthawi, kenaka wamng'ono anafunsa agogo ake kuti, "Ambuye, nanga damu ili anakumba ndani?"

Mwambo wa kudziphikira

Ku Scotland, dziko la zisumbu ndi magombe ambiri, mabanja ali ndi cizolowezi cimene cinatipatsa nzeru. Sukulu zikatsekera mu Julaye, banja licita lendi kanyumba ka m'mphepete mwa nyanja ya mcere, kaya ku gombe la Fife, kufupi ndi Oban kapena pa cisumbu ca Arran, kwa sabata imodzi. M'kanyumbamo muli mophikira, ndipo banjalo ligula nsomba ndi ndiwo zina ndi kudziphikira lokha. Masana ana atola zigoba za nkhono, ayenda m'magombe, apalasa timabwato ndi kuonerera mbalame za m'madzi, ngakhale kuti madzi a kumeneko ndi ozizira caka conse. Cinsinsi cake ndi cakuti ndalama zambiri za paulendo zithera pa cakudya ca m'mahotela. Mukacotsapo cimeneco, ulendo ufika pa msinkhu wa munthu wamba.

Anthu a ku Scotland si alendo pa mbiri ya nyanja yathu. David Livingstone anaifika mu 1859. Mu 1875 amishoni a kwao anamanga pa Cape Maclear, koma malungo anawasautsa kotero kuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe, nasiya manda a anzao amene alipo kufikira lero. Ngakhale sitima yochuka ya Ilala, imene inayamba kuyenda panyanjapo mu 1951, inapangidwa ku Glasgow.

Komabe kudziphikira paulendo sitinaphunzire kwa iwo. Pa Kulamba, anthu ocokera kutali afika pa Mkaika atasenza ufa, nkhuni ndi miphika, namanga misasa ya udzu ndi kukhala masiku angapo. Ticita cimodzimodzi pa maliro ndi pa maukwati. Cacilendo ndi cimodzi cokha: kunyamula mapoto omwewo popanda maliro kapena mwambo, koma kuti banja likapume pamodzi.

Nyumba ndi cakudya

Ku Senga Bay kuli malo ogona a mitundu-mitundu: mahotela odula, nyumba zimene munthu angatenge yonse pamodzi ndi mophikira mwake, ndiponso mabwalo oimikapo matenti. Ife tinatenga nyumba ya zipinda zitatu ndi khonde lalikulu, tinagawana mtengo wake patatu. Mutu umodzi susenza denga. Musanalipire, gwirizanani mtengo wa masiku onse, ndipo funsani ngati muli maneti a udzudzu, madzi akumwa abwino ndi malo osonkherapo moto.

Katundu wolemera sitinasenze kucokera kuno. Tinanyamula mbaula, mapoto, mthiko, cipande, mbale ndi mphasa. Ufa, mpunga, matimati, anyezi, mafuta ndi malasha, amene anzathu a kumeneko ati makala, tinagula pa msika wa Salima. Ndiwo zeni-zeni zinali kutipeza pa gombe. Mbandakuca asodzi akoceza mabwato ao, ndipo amai ogula nsomba akhala atafika kale ndi mabeseni. Ife a kumtunda tizolowera kapenta wouma wa ku Kariba ndi ku Mpulungu, wofika atayenda masiku m'masaka. Usipa wa m'mawa womwewo, wophikidwa ndi tomato ndi mcere cabe, ndi nkhani ina. Tinalawanso utaka ndi kampango, nsomba ya ndebvu ndi ya mnofu wambiri imene imodzi inakwanira nyumba yonse.

Cambo, nsomba imene dzina lake lichuka kwambiri, tinaidya kamodzi kokha pakuti mtengo wake wakwera. Yacepa m'nyanja cifukwa ca kuphedwa mopitirira muyeso kwa zaka zambiri, makamaka ndi maukonde a maso ang'ono amene akokolola ndi ana omwe. Asodzi anatifotokozera za cisumbu ca Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira m'boma lomwelo la Salima, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mfumu itseka usodzi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndi kutsegulanso ndi mwambo mvula ikatha. Mlimi aliyense amva msanga nzeru imeneyi, pakuti mbeu sadya. Nafenso alendo tili ndi mbali yathu: tisagule tiana ta nsomba togwidwa ndi neti ya udzudzu, ngakhale titachipa motani.

Kupuma kwa yani?

Pali msampha umodzi pa ulendo wodziphikira. Ngati amai adzuka m'mamawa kukoleza moto, kuphika, kutsuka mbale ndi kucapa, pamene abambo ndi ana asewera m'madzi, ndiye kuti amaiwo sanapite ku chuthi. Angosamutsa mafuwa ao kucokera ku Katete kupita ku Salima. Tisananyamuke tinapangana lamulo. Abambo anatenga nchito yogula ndi kutumbula nsomba ndi kuziocha. Anyamata anatunga madzi ndi kukweca mapoto ndi mcenga. Atsikana ndi amai anaphika nsima mosinthana, banja limodzi pa tsiku, kotero kuti mai aliyense anali ndi masiku awiri osakhudza mthiko. Tsiku lacitatu mmodzi wa iwo, mai wa ana asanu, anati kuyambira pa ukwati wake anali asanakhalepo pansi dzuwa lili pamutu popanda nchito m'manja. Amuna ake sanayankhe kanthu, koma madzulo amenewo anatsuka mbale okha.

Zocita panja

Kunyanja mwana safuna zidole. M'mawa, madzi akali bata, ana anasambira pamalo osaya, wamkulu mmodzi ataima m'madzi momwemo kuwayang'anira. Masana anyamata anamenya mpira pa mcenga, ndipo madoda anakumba maenje a nsolo pansi pa mtengo. Tsiku lina tinakwera bwato la injini kupita ku kacisumbu ka miyala ka Namalenje, kamene kaoneka kucokera pa gombe. Pakati pa miyalayo pali tinsomba tochedwa mbuna, tobiriwira, tacikasu ndi tamizere-mizere, toti munthu angayese kuti wina anatipaka utoto. Akatswiri ati nyanja imeneyi ili ndi mitundu ya nsomba yoculuka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo ndico cifukwa cake dera la Cape Maclear linapatulidwa kukhala malo otetezedwa mu 1980.

Pobwerera, mwini bwato anaponya nsomba m'madzi ndi kuimba mluzu. Nkhwazi inatsika kucokera mumtengo, niikwatula ndi zikhadabo zake. Ana athu aiona mbalame imeneyi tsiku ndi tsiku pa mbendera ya Zambia pabwalo la sukulu, koma aka kanali koyamba kuiona yamoyo ndi kumva kulira kwake. Usiku, nyali za asodzi a usipa zinandandalika kutali pamadzi ngati mudzi woyandama.

Nyanja siseweretsedwa

Tisabise kuti madzi awa atenga miyoyo. M'miyezi yozizira, kufikira Ogasiti, kuomba mphepo ya kum'mwera yochedwa mwera, imene iutsa mafunde akulu mwadzidzidzi. Asodzi akakana kulowa m'madzi, inunso khalani kumtunda. Musakwere bwato lodzaza mopitirira, kapena lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo munthu amene wamwa mowa asayandikire madzi. Kumabango ndi kumene mitsinje ithira m'nyanja kukhala ng'ona ndi mvuu. Funsani eni dera malo oyenera kusambira.

Palinso likodzo, matenda ofalitsidwa ndi tinkhono ta m'madzi odekha ndi a zomera zambiri. Tizilombo take tilowa pa khungu munthu osamva kanthu. Patapita miyezi iwiri kapena itatu mutabwerako, pitani nonse kukapimitsa ku St Francis ku Katete kapena ku cipatala ca kufupi nanu, ndipo fulumirani ngati mwana aona magazi pokodza. Mankhwala ake alipo ndipo aciritsa. Udzudzu wa kucigwa nawo ndi waukali, motero aliyense agone m'neti.

Kumene makolo anacokera

Tsiku limodzi tinalipatula kuti tipite kum'mwera kwa Salima, ku Mua. Mishoni ya kumeneko inatsegulidwa mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsapo malo a luso ndi miyambo ochedwa KuNgoni. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao, pamodzi ndi zigoba za gule wamkulu mazana-mazana. Akulu a m'banja ayambe apangana ngati ana osabvinidwa alowe m'cipinda cimeneco, pakuti kwa ife izi si zokongoletsa cabe.

Kufupi ndi Mua, m'dera la Mtakataka, ndi kumene kunali Mankhamba, likulu la Kalonga m'masiku a ufumu wa Maravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo napeza mikanda ya galasi, zibenthu za mbale za ku China, zamkuwa ndi minyanga ya njobvu yosemedwa, umboni wakuti makolo athu anali kucita malonda ndi maiko akutali zaka mazana angapo zapitazo. Kucokera m'dziko la kunyanja limeneli, Undi anapatuka ndi anthu ake kulowera kumadzulo, nakakhazikika ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. M'kupita kwa nthawi mpando wake unadzafika ku Zambia, ndipo lero uli pa Mkaika. Mafumu a ku Malawi akamabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi pa Loweruka lomaliza la Ogasiti, atsata njira imene makolo anatsegula. Ife tinangoiyenda cobwerera, ndipo ana anamva mbiri imeneyi ataima pa nthaka yake.

Kukonzekera

Ogasiti ndi mwezi woyenera kwa ife alimi. Zokolola zili m'nkhokwe, za malonda zagulitsidwa, sukulu zatsekera, ndipo nchito ya m'munda isanayambe. Masiku anai kapena asanu akwanira, ndipo mubwerako nthawi ya Kulamba isanafike. Ndalama zake tinazisonkha mwa cilimba kuyambira mu Januwale, ndipo banja lililonse linapatula thumba la nshawa loti likagulitsidwa likhale la ulendo. Kusungitsa nyumba msanga kuthandiza, pakuti pa chuthi anthu a ku Lilongwe nawo athamangira komweko.

Mukafika, kumbukirani kuti gombe limene inu mupumapo ndi munda wa eni ake. Patsani moni, pemphani cilolezo musanajambule munthu, bvalani mwaulemu podutsa m'mudzi, ndipo tolani mapulasitiki anu pocoka. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mwini nyumba imene tinagonamo anatiperekeza mpaka pamseu, natipatsa kathumba ka usipa wouma kuti tikagawire otsala kumudzi. Mabanja ena awiri a m'mudzi mwathu atalawa, analowa nawo cilimba ca caka cotsatira.